Timu Yathu Inkawina Mwezi Ukawala

Timu ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi ku Nkope, inali ya asodzi okhaokha. Goloboyi msodzi, otchinga kumbuyo asodzi, ngakhale wonyamula chigubu cha madzi anali msodzi amene msana unamukanika. Usipa amaupha usiku ndi nyale, ndipo umabwera ku nyaleko pokhapokha kumwamba kukakhala mdima. Mwezi ukawala maboti amakhala kumtunda, anyamata n'kumagona m'nyumba ngati anthu ena onse. Ndiye mpira ukagwa Loweruka la mwezi wowala, tinkamenya aliyense wobwera. Ukagwa mumdima, anyamata ankalowa m'bwalo atachezera panyanja, maso ali psuu, ndipo timu inayo inkatimwetsa zigoli mpaka ana kutopa kuwerenga.

Choncho ligi ya m'boma ikamayandikira, masapota a kwina ankafunsana kuti timu yawo yapeza osewera ati, ife tinkafunsana za mwezi. Akochi athu anali atelala, ankasoka pakhonde la golosale. Akabwera kumsonkhano n'kunena kuti tiyamba ndi akutiakuti tsiku lakuti, azibambo ankayamba kupinda zala, aliyense kuwerenga masiku a mwezi. Pa zowerenga mwezi anthu a kwathu simungawanamize, ndi womwewo umene umatiuza tsiku loyamba kusala. Tinkadziwa kulira kwathu wezulo asanalire, koma chaka chilichonse tinkanenabe kuti chaka chino ndi chathu.

Ine ntchito yanga ndi kuyanika usipa pamathandala n'kumagulitsa kwa a geni ochokera ku Limbe. Kubwalo ndinali ndi mbiri yoipa. Oyimbira mpira ambiri ankandidziwa nkhope, ndipo wina anaimitsapo masewero kuti mayi wa mpango wobiriwira uyo atalikire ku mzere. Sindinatalikire. Ndinali ndi chifukwa chokuwira, pakuti amene ankasewera kutsogolo anali mlongo wanga, wobadwa womaliza kwathu, amene ndinamulera ndekha amayi atamwalira. Mwanayo mpira unkamumvera. Ankathamanga ngati waberedwa kanthu, ndipo mwendo wake wamanzere ma goloboyi a ku Lungwena ankaudziwa bwino. Panyanja anali siginala, munthu amene amakhala yekha m'bwato laling'ono ndi nyale, kukopa usipa n'kuuza anzake nthawi yoponya chilimira, ukonde waukulu wokokera usipa. Ankagona masana m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yanga, ndipo womudzutsa madzulo kuti azipita kunyanja ndinali ine.

Chaka chimene ndikunenachi akochi anabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba inali yoti bambo wina wa timu yaikulu ya mumzinda, amene anakwatira kudera kwathu, anamva za mlongo wanga ndipo abwera kudzamuona yekha pa mpira wotsegulira ligi. Yachiwiri inali yoti mpirawo tisewera ndi a ku Chowe, alimi ogona usiku wonse, amene anali atangokolola kumene, matupi ali see. Azibambo anapinda zala. Tsikulo linkagwa pakati penipeni pa mdima.

Mtima wanga unali m'mwamba. Mlongo wangayo sanalinso kamnyamata, ndevu zinali zitamera, ndipo anzake amene anayamba nawo mpira ambiri anali ku Joni. Sukulu anasiyira panjira. Ndinkadziwa, iyenso ankadziwa, kuti munthu wa mumzinda sabwera kawiri kumudzi ngati wathu.

Chiyembekezo chinatsala pa mwera. Mphepo imeneyi ikaomba nyanja imakalipa ndipo palibe boti limene limatuluka, mdima kapena ayi. Nyengo yake inali itayandikira. Sabata imeneyo masapota ankayenda maso ali m'mitengo, kuona ngati masamba akugwedezeka. Zinali zoseketsa ndi zomvetsa chisoni, chifukwa usipa unali utasowa kwa miyezi, mathandala anga ankangogonapo mbuzi, m'makomo ambiri ankadya kamodzi, koma anthu omwewo ankapempha mphepo yoletsa usodzi. Inenso ndinapempha, pa swala iliyonse. Mayi woyandikana naye nyumba atandimva ndikunena anati, "Inu, mukupempherera njala?" Ndinamuyankha kuti njala ndinaizolowera, ndingathe kuipirira sabata inanso.

Mwera sunabwere. Nyanja inangoti bata, ndipo chapakati pa sabata usipa unabwera wochuluka mmene tinali tisanauonere kwa nthawi yaitali. Maboti ankafika m'mawa atalemera mpaka madzi kulekeza m'milomo. Mathandala anadzaza, ena kuyanika pamchenga. Ana anayambanso kusewera mofuula. Palibenso amene ankayang'ana m'mitengo.

Mwini boti limene mlongo wanga ankagwirako anali amalume athu, mlongo wa amayi. Omwewonso anali wapampando wa masapota, amene ankagula mpira chaka chilichonse ndi kulipira matola timu ikamapita koyenda. Lachisanu, atatuluka mumzikiti, ndinawatsata kunyumba. Ndinawapeza akusoka chilimira pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinakhala pansi chapatali pang'ono.

"Amalume, mwana wanu uja mawa ali ndi mlendo. Mumusiye agone lero lokha."

Sanadzutse mutu. "Nanga nyale agwire ndani?"

"Anyamata ndi ambiri m'botimo."

"Okoka ndi ambiri. Wodziwa kuitana nsomba ndi mmodzi. Mwezi watha ndinayesa wina, tinabwera ndi ndowa yosadzaza." Anamanga mfundo n'kuluma ulusi. "Usipa umenewu ndi mlendo nawonso, mwanangu. Mawa ukhoza kudzuka uli kutsidya. Anthu aja ali ndi ana, mwawaona mmene aondera."

Ndinati usiku umodzi sungaphe munthu. Iwo anati sakumukakamiza, ndikamufunse mwini wake. Kenako nkhope inawala, n'kuyamba kundiuza kuti a ku Chowe kumbuyo kwawo n'kofooka, ndipo Mulungu akalola tiwamenya zitatu kwa duu. Ankakhulupiriradi zimenezo. Ndinanyamuka ndisanalankhule mawu oti mwana wa mlongo sanena kwa amalume ake.

Madzulo amenewo sindinamudzutse. Ndinathamangitsira ana anga kwa anzawo, wailesi ndinatseka, mbale ndinatsukira kutali. Ndinakhala pakhonde ndikuyembekeza kuti boti linyamuke iye ali mtulo, amalume adzakalipire ine. Posakhalitsa chitseko cha kanyumba kaja chinatseguka, iye n'kutuluka atavala kale jekete lake la panyanja.

"Achemwali, lero mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Bwererani mukagone, achimwene."

Anaseka pang'ono. "Ndinali maso. Ndimamva mukuyenda monyang'ama ngati wakuba."

"Mawa ndi tsiku lanu. Nsomba zidzabweranso."

"Ndikagona ine, makomo onse aja agona ndi njala. Ndiye mawa ndidzawayang'ana bwanji akamandiimbira?" Anamanga zipi wa jekete. "Musadandaule, ndazolowera. Ndikagona m'mawa."

M'mawa wake boti linachedwa kufika chifukwa cha kulemera, dzuwa linali litakwera kale. Atatsitsa nsomba sanafike n'kunyumba komwe. Anagona pamchenga pansi pa thandala langa, ine ndikumwaza usipa pamwamba pake, madzi a nsomba akumudonthera pamsana. Sanatembenuke. Anzake a mu timu anali mbwee pansi pa mathandala ena, ngati anthu amene agwa pankhondo. Akochi anayenda kuwadzutsa mmodzimmodzi, atanyamula thumba la majezi amene anasita okha.

Bwalo linadzaza. Mlendo uja anamukhazika pampando wobwereka kusukulu, wina atamugwirira ambulera. A ku Chowe anatsika pa lole akuimba, miyendo yonenepa, maso oyera. Athu analowa mwakachetechete.

Poyamba ndinaganiza kuti Mulungu watimvera mwa njira ina. Mlongo wanga analandira mpira pakati, anadutsa awiri, wachitatu anamusiya atakhala pansi, n'kumenya ndi wamanzere uja. Mpira unaomba chitsulo cha golo, phokoso lake linamveka mpaka kumsika. Ndinaona mlendo akuweramira kutsogolo. Amalume ankathamanga m'mbali mwa mzere chipewa chili m'manja.

Mphamvu zake zinathera pomwepo. Chigawo choyamba chisanathe anali atayamba kugwira m'mawondo. Popuma anapita kuseri kwa golo kukasanza. M'chigawo chachiwiri a ku Chowe anayamba kutiyendera pamutu, chigoli, chinanso, anyamata athu akungowaperekeza ndi maso. Kenako mpira unadutsa pamaso pa golo lawo, goloboyi atagwa, panalibe wina koma mlongo wanga. Tsiku lina lililonse akanaugoletsa atatsinzina. Anafika mochedwa, anatambasula mwendo, mpira unali utapita kale, ndipo iye anagwa n'kukhalitsa pansi.

"Kagone kwanu iwe!" anakuwa munthu wina kumbuyo kwanga. Ena anaseka. Nditacheuka ndinaona kuti ndi bambo amene m'mawa womwewo ananyamula beseni lodzaza kuchokera m'boti la amalume. Pa tsiku lina ndikanamuvula ulemu pamaso pa apongozi ake. Tsikulo ndinaonera mpira ndili chete koyamba m'moyo wanga.

Wezulo womaliza atalira, mlendo anapita kukalankhula ndi kamnyamata ka ku Chowe kamene kanagoletsa ziwiri. Analankhula nako nthawi yaitali. Pobwerera ku galimoto anaima pamene mlongo wanga anakhala akumasula zingwe za jombo. Ine ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Mwendo muli nawo, achimwene, koma mpweya mulibe. Mumasuta?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye muzithamanga m'mawa uliwonse. Mpira wa masiku ano sufuna ulesi."

Mlongo wanga anangoti zikomo. Akochi anamutsata mlendoyo akufotokoza kuti vuto ndi mwezi, adzabwerenso mwezi ukawala adzaone yekha. Bamboyo anaseka n'kuwagwira paphewa, nati zikhulupiriro zotere n'zimene zikupha mpira wakumudzi. Akochi anayesa kunena za nyale ndi usipa, koma galimoto inali italira kale.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali njira yobwerera kunyumba. Tisanafike n'kumsika komwe, azibambo anali atayambanso kupinda zala. Mpira wotsatira wa pakhomo unkagwa mwezi ukuwala, ndipo amalume ankalonjeza kuti amene abwere tsiku limenelo adzalira. Ligi yangoyamba kumene, ankatero, chaka chino ndi chathu ndithu. Anthu anavomera mosangalala, m'makomo munali ndiwo. Ine ndinkayenda pakati pawo nditakwiya, koma wokwiyira ndinalibe. Amalume sananame, anthu aja analidi ndi ana. Nane ana anga anadya n'kukhuta sabata imeneyo chifukwa cha nyale ya mlongo wangayo.

Mlendo uja sanabwerenso. Mwezi utawala tinawinadi, mlongo wanga anagoletsa zokongola, ndipo amene anaziona ndi ife tomwe, ndi mbuzi za kuseri kwa golo. Anaseweranso zaka zingapo mpaka bondo linayamba kutupa chifukwa cha kuzizira kwa m'bwato. Lero akadali siginala, ali ndi banja, ndipo ligi ikamayamba sapita kubwalo. Ine ndimapita, koma ndimakhala kumbuyo. Pali kamnyamata kena tsopano kamene anthu akuti kadzafika patali, ndipo nakonso kamagwira m'boti.

Madzulo a tsiku la a ku Chowe lija ndinamupeza atagona pamphasa m'kanyumba kake, masokosi a mpira akadali kumiyendo, mawondo ali ndi dothi. Ndinkayesa ali mtulo, koma analankhula nkhope itayang'ana kukhoma.

"Achemwali, amalume akuti tinyamuka ikatha swala ya Magharibi, dzuwa likangolowa. Lero ndiye ndigonadi. Mundidzutse."

Ndinakhala pakhomo pake ndikumumva akupuma. Anagona tulo tolemera, pakamwa pali yasa, ngati mmene ankagonera ali wamng'ono kumsana kwanga. Ndinalira mosatulutsa mawu kuti ndisamusokoneze. Kumzikiti ataitana ndinalowa, ndinamuvula masokosi aja, ndinamuikira jekete pambali, kenako ndinamugwedeza paphewa mpaka anadzuka.