Nkhuku za Apongozi ndi Madzi a Muwawani

Shikola yathu ya ku Furancungo itatsekedwa chifukwa cha nkhondo, ine ndi mkazi wanga tinasamukira kwawo, kumudzi wina wa ku Chidzolomondo. Uphunzitsi unathera pomwepo, ndinasanduka mkamwini wogwira khasu. Apongozi anga aakazi anali amasiye, ndipo tinkapewana monga mwa mwambo. Tikakumana m'njira iwo ankapatukira kutchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva.

Ng'ombe zinali zitatengedwa kale ndi anthu amfuti. Pakhomo panatsala nkhuku, poti nkhuku umangoziika m'dengu n'kuthawa nazo kuphiri.

Chitopa chinafika nyengo yotentha, mkazi wanga atapita wapansi ku Tsangano ndi amayi anzake kukasinthitsa nyemba ndi mchere. Nkhuku zinayamba kuwodzera masanasana, mapiko atagwa, zitosi zili zobiriwira. Apongozi anakasenda makungwa a muwawani, nawasinja pamodzi ndi tsabola, n'kuwaviika m'phale. Madziwo ndinawalawa ndi chala, ndipo kuwawa kwake kunandikhala pakhosi mpaka madzulo.

Nkhuku imodzi inabwera, inaviika mlomo, inapukusa mutu, n'kuupukuta pansi uku ndi uku. Zinzake sizinayese n'komwe, zinapita kukamwa madzi amatope kuseri kwa bafa. Zimenezi zinandidabwitsa. Nkhuku imajompha tsabola wakupsa pamtengo osaphethira, nanga kuwawa kwa muwawani inakumvera pati? Ndinakhala pamthunzi tsiku lonse ndikuziyang'ana. Tinayesanso kukanda madeya ndi madziwo. Zolimba zinadyako, koma zodwala zenizenizo zinangoima patali zitatsinzina.

M'mawa mwake apongozi anaima kuseri kwa nkhokwe n'kuyankhula ngati akuuza nkhokweyo.

"Nkhuku imafuna wogwira ndi wothira. Manja anga ndi awiri okha."

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti manja ena alipo.

Tinagwada moyang'anizana. Aka kanali koyamba kuwaona pafupi chonchi, ndipo ndinazindikira kuti chala chawo chimodzi chinali chopindika. Iwo anapana nkhuku pakati pa mawondo, ine ndinaiyasamitsa n'kuthira mankhwala ndi kabango. Ndinathira ambiri nthawi imodzi. Nkhukuyo inatsamwa, inaphiriphitha, n'kufera m'manja mwawo. Ndinadikira mawu okalipa, koma iwo anangoiyasamitsanso n'kusuzumira m'kamwa mwake. Nane ndinasuzumira. Kuseri kwa lilime kunali kabowo. Titagwira ina yamoyo, tinaona kabowoko kakutseguka n'kutsekeka pamene ikupuma. Apongozi anati zaka zonsezi akhala akudya nkhuku koma kameneka anali asanakaonepo.

Kuyambira pamenepo tinkaviika nthenga m'phale n'kudonthezera m'mbali mwa mlomo, kutali ndi kabowoko, kenako kusisita pakhosi mpaka imeze. Inali ntchito yochedwa. Zina zinkausunga madziwo m'kamwa, ukazisiya n'kuwapukusira pamalaya ako. Ndipo ngakhale zimeze, chakudya sizinkachifuna, zinkapepuka tsiku ndi tsiku.

Za chiswe tinaziona mwangozi. Ndikusuntha chipika chowola pafupi ndi khola, chiswe chinamwazika, ndipo thadzi lina lomwe tinali titataya nalo kale mtima linatsegula diso limodzi. Linatsatira kachiswe kamodzi ndi diso lomwelo, kenako linajompha. Tinayang'anana ndi apongozi, manyazi titawaiwala. Madzulo tinadzaza mphika wosweka ndi zitsononkho ndi udzu wonyowa, n'kuuvundikira pachulu. Kutacha unali wodzaza ndi chiswe.

Poyamba tinachimiza m'mankhwala, chonse chinafa, ndipo nkhuku sizinachiyang'ane. Ndiye tinayesa kungowaza pang'ono ndi nthenga kuti chiziyendabe. Pamenepo zinadya. Tinaonanso kuti yodwala ikaona inzake ikujompha pafupi, nayonso imayamba, ngati yachita nsanje. Ndinafunsa apongozi ngati nkhuku imadya ndi maso osati ndi mimba. Anati mwina, koma iwo ankaganiza kuti imamva fungo. Tinatsutsana pa zimenezi masiku angapo.

Tsiku lina masana mfuti zinalira kutsidya kwa mtsinje. Mudzi wonse unathawira kuphiri. Ine ndinanyamula dengu la nkhuku, ndipo titafika m'matanthwe ndinaona kuti apongozi, m'malo mwa bulangete, anali atanyamula phale lija, mankhwala atatayikira m'chitenje theka lonse. Anthu anatiyang'ana modabwa tikudonthezera nkhuku pakati pa ana olira. Mayi wina anasendera pafupi n'kufunsa monong'ona kuti nthengayo timaiika mbali iti.

Zambiri zinafa ndithu. Zochepa zinadzuka, ndipo mvula isanagwe imodzi inayamba kuikira. Mkazi wanga atabwera ndi mchere anatipeza tikuyankhulana maso ndi maso ndi apongozi, ndipo anatula katundu akutiyang'anitsitsa.

Nkhondo itatha ndinabwerera ku Furancungo, ndipo nkhaniyi ndinaifotokozera enfermeru wina, namwino wa pachipatala, amene tinkakhala moyandikana. Iye anati monga akudziwira, chitopa chilibe mankhwala kupatula katemera, ndipo mwina zimene zinapulumukazo zinapulumuka chifukwa zinadya. Sindinamutsutse, poti nanenso sindikudziwa mpaka lero. Tisanasiyane anandifunsa kuti mphikawo timauvundikira mbali iti ya chulu, popeza nkhuku zake nazonso zinali zitayamba kuwodzera.