Mapiritsi Amene Nicolasa Anawinda pa Lenti

Inu amene kudzuka m'mawa kumakulemerani, tamvani za Nicolasa Xol wa kwathu kuno ku mapiri a Guatemala.

Mwamuna wake atamwalira pa ngozi ya basi, Nicolasa anagona miyezi inayi. Ankangoyang'ana kudenga, chiwaya chimene ankaphikirapo totiya, zikondamoyo zopyapyala za chimanga zogulitsa kumsika, chili zii mpaka akangaude anamangapo. Tsiku lina mlamu wake Eufemia, mchemwali wa malemuyo, anapeza Yolanda, mwana yekhayo wa Nicolasa, akubwira ufa wosaphika. Eufemia anaganiza zomutenga. Anamanga zovala za mwanayo m'nsalu yake.

"Alamu, mwanayu mudzamutenga mukadzadzuka."

Mawu amenewo ndiwo anafikitsa Nicolasa kuchipatala. Namwino wa kumeneko, mayi Berta, wamfupi koma wosabisa mawu, anamuuza kuti amenewa ndi matenda okhumudwa ndipo ali ndi mankhwala ngati matenda ena onse. Dokotala analemba mapiritsi, limodzi m'mawa uliwonse. Berta anachenjeza kuti sagwira lero ndi lero, ndipo asadzawasiye payekha ngakhale atamva bwino chotani.

Masabata oyamba inali nseru yokhayokha, koma Nicolasa anamwabe. Sabata yachisanu ndi chimodzi anakoleza moto, ndipo pofika Febuluwale anali atabwerera pamalo pake kumsika. Eufemia ataona anati zikapitirira chonchi mpaka Pasaka, Yolanda abwerera kwa mayi ake.

Vuto linalowera pamenepa. Kwathu kuno munthu sapempha kwa Amayi Maria Achisoni chimanjamanja. Ukafuna chachikulu umawindanso chachikulu: ena amasiya mowa Lenti yonse, ena amayenda opanda nsapato. Nicolasa mowa sankamwa, nsapato zakenso zinali zakutha, kuvala ndi kuvula kunali chimodzimodzi. Lachitatu la Phulusa anagwada, phulusa lili pachipumi, n'kuwinda chinthu chokhacho chimene ankachidalira. Masiku makumi anayi osamwa piritsi, bola mwana abwere.

Pofika Lolemba chizungulire chinamuyamba. Akatembenuza mutu ankamva ngati magetsi amugwira mu ubongo. Anapsa dzanja pachiwaya, analalatira kasitomala wake wa zaka khumi, kenako n'kulira pakati pa msika. Mantha anamugwira kwambiri, chifukwa Eufemia ankabwera Loweruka lililonse kudzamuona, ndipo nkhani ya kumsika sichedwa kufika.

Lachinayi Berta anabwera kudzagula totiya. Anangomuyang'ana kamodzi n'kufunsa za mapiritsi. Nicolasa anaulula zonse, maso ali pansi.

"Amayi Maria anayamba liti udokotala?" anatero Berta.

"Musaseke, mayi. Ndikaswa chowinda, mwana sabwera. Ndikakhala chonchi, sabweranso."

Berta sanaseke. Anathira madzi pamoto, n'kumugwira mkono mpaka kwa dokotala, amene anafotokoza kuti chizungulirecho ndi thupi kudandaula posiyitsidwa mankhwala mwadzidzidzi. Anamuuza mmene ayambirenso, ndipo anatsindika kuti asamwe awiri pofuna kubweza masiku otayikawo. Nicolasa anamva, koma piritsi analigwira m'manja osameza. Berta, pokhala mwana wa konkuno, anadziwa kuti chowinda amasintha ndi wansembe yekha, ndiye anapitiriza naye ulendo kutchalitchi.

Bambo Anselmo, wansembe wathu wokalamba, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwana wanga, pa Lenti timasiya zimene zikutiwononga. Iwe wasiya chimene chikukuchiritsa. Mayi amene unamugwadira uja amadziwa kutaya mwana, sangakupemphe zimenezi."

Anamupatsa chowinda china: piritsi m'mawa uliwonse mpaka dokotala adzanene, komanso kunyika mu utoto utuchi wokongoletsera msewu wawo pa Lachisanu Loyera. Nicolasa anameza piritsi pomwepo ndi madzi a m'kapu ya abambowo.

Loweruka Eufemia anafika nkhope ili gwa. Za kumsika anali atamva kale. Nicolasa sanadikire kufunsidwa. Anaika mapiritsi patebulo n'kufotokoza chimene analakwitsa. Eufemia anayang'ana mapiritsiwo nthawi yaitali, kenako n'kuchoka.

Masabata otsalawo anali aatali, ndipo Loweruka lililonse Eufemia ankabwera n'kupita osatchula za mwana. Nicolasa ankamwa piritsi lake, kuphika totiya, madzulo n'kunyika utuchi mpaka zikhadabo zinafiira.

Lachisanu Loyera m'mawa anali chogwada pamsewu, akuwaza utuchi kupanga maluwa pamene ulendo wa mtanda udzadutse. Kadzanja kena kanalowa m'thumba lake la utuchi. Atadzutsa mutu anaona Yolanda, kumbuyo kwake kuli Eufemia akutula pakhomo mtolo uja wa zovala.

"Nsalu yangayo mudzandibwezere, alamu," anatero Eufemia.

Nicolasa anamwa mankhwalawo chaka china chathunthu. Anadzasiya pang'onopang'ono, dokotala akumuchepetsera, ndipo lero Yolanda ali ku sekondale.

Inunso ngati muli pa mankhwala otere, apatseni nthawi. Mukamva bwino musawataye, akakuvutani kauzeni amene anakulemberani. Pempherani ndithu, koma piritsi mumwe. Osataya mtima, pali wina amene akudikira kuti mudzuke.