Tabeth ndi Njerwa za mu Chigwembe

Ku Kakumbi munthu akafuna kugumula nyumba, ankayamba waitana Tabeth. Mayiyu anali wamasiye, ndipo ankayenda ndi kachikwanje kobuntha kopalira dothi ndi simenti pa njerwa zakale. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu amuna ake, amene anali mmisiri womanga. Khitchini yake, khola la nkhuku, ngakhale masitepe a tchalitchi chawo, zonsezo zinali za njerwa zimene ena anataya.

Mu 1994 njovu zofuna chimanga zinamugwetsera khoma la nyumba. Kuumba njerwa zatsopano akanatha, koma akanaziwotcha ndi chiyani? Asikauti oyang'anira nyama ankagwira aliyense wopezeka akudula mitengo ya mupani.

Mwezi womwewo loji ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa inayamba kugumula tinyumba take takale togona alendo. Tabeth analawirira kugeti, kumene mlamu wake Abson anali mlonda.

"Alamu, kandipemphereni kwa bwana wanu. Ndikufuna zogumulazo basi, ndituta ndekha pamutu."

Abson analowa, koma anabwerako ali wera.

"Akana, alamu. Akuti akapatsa mmodzi, antchito azithyola zinthu dala kuti azitenga."

"Nanga achita nazo chiyani?"

Abson analoza ndi mlomo. Kuseri kwa mpanda kunali utsi tolotolo. Ankatentha mapaso a mupani, zitseko ndi mafelemu a mawindo, mitengo youma bwino yosaboola ndi chiswe chomwe. Thirakitala inkakokera njerwa kuchigwembe, n'kuzipondaponda kuti zisweke.

Mtima wa Tabeth unawira.

"Ife tikadula nthambi imodzi, unyolo! Iwo akuwotcha denga lathunthu dzuwa likuswa mtengo, ndiye akuti akusunga chilengedwe? Ana anga agone moyang'anizana ndi fisi chifukwa bwana akuopa kuti zinyalala zake zithandiza munthu?"

"Tsitsani mawu, alamu, mundichotsetsa ntchito."

Sanatsitse. M'mawa mwake anatenga amayi anzake a kutchalitchi, aliyense ndi beseni lake, n'kutsikira m'chigwembemo masanasana, akuyimba nyimbo za pamaliro kuti amve ndithu a m'kati mwa mpanda. Kapitawo wa pa loji anatuma Abson kuti akawathamangitse. Abson anafika, anayang'ana amayiwo, kenako anagwada n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato, ndipo anazimanga mpaka beseni lomaliza litachoka.

Njerwa zathunthu zinali zowerengeka. Tabeth anamanga khoma lake ndi zibenthu, kuzilumikiza ndi dothi la pachulu. Linaoneka ngati nsalu ya zigamba, koma linaima. Akamuyamikira anthu, iye ankangotsonya.

"Mukuyamikira chiyani? M'chigwembe muja munali kalasi yathunthu ya ana asukulu."

Zotsalazo mvula ya mu Januwale inazikokolera mu Luangwa, pamodzi ndi mawaya ndi zidutswa za malata. Chaka chimenecho asodzi a kumunsi anasoka maukonde mpaka zala kutupa.