Kapu Yofiira ya Goloboyi Wathu

Ntchito yanga ndi kaunjika. Ndimazungulira ndi belo la zovala m'misika ya Dowa ndi Ntchisi, ndipo munda wanga ndi pakamwa pangapa. Jekete yong'ambika m'khwapa ndimaigulitsa ponena kuti ili ndi polowera mphepo. Pakamwa pomwepa mpomwe panandilowetsa m'komiti ya timu ya mpira ya kwathu, kufupi ndi Dzoole, kuti ndizinenerera majezi ndi nsapato.

Timuyo inali ndi mwambo womwe tinkaunyadira. Nthawi yopuma ikakwana, pankabwera ndowa ya madzi ndi kapu imodzi. Ankayamba kaputeni, kapu n'kumayenda mpaka kwa womaliza. Tinkati omwera kapu imodzi saperekana. Wachimfine ankamwera momwemo, wazilonda m'milomo momwemonso, ngakhale wonunkha kachasu wadzulo.

Goloboyi wathu anali kalipentala, munthu wofatsa, manja ngati mafosholo. Ankakhala ndi mwamuna mnzake kuseri kwa shopu yake, anthu n'kumati ndi asuweni. Tsiku lina apampando a komiti, omwe tonse tinkangowatchula kuti a Tcheya, anamupanikiza pagulu kuti akwatira liti. Iye anali atatopa nako kunama.

"Wanga ndili naye kale, ndipo mumamudziwa," anatero, n'kupitiriza kumanga nsapato.

Komiti inakumana mwachangu m'kalasi ina pasukulu.

"Zamathanyula m'timu yanga ayi," anatero a Tcheya. "Achoke."

Ine ndinaona pogwira. "A Tcheya, Loweruka tikumenya ndi a ku Bowe, opambana atenga mbuzi. Pagolo muimapo ndinu? Ndi mimba imeneyo?"

"Iwe, ulemu!"

"Ulemu ulipo, bwana. Amene palibe ndi goloboyi wina."

Tinakokana ngati pamsika. Iwo anayambira pomuthamangitsa, ine pomusiya momwe analili. Anatsika pang'ono: asewere, koma azivalira payekha. Ndinakana. Anatsikanso: "Chabwino, koma kapu akhale ndi yake." Ndinawomba m'manja, chitsiru ine, ngati ndagula ng'ombe pamtengo wa nkhuku.

Loweruka lija goloboyi anagwira penate. A Tcheya analumpha, fumbi koboo, akukuwa kuti, "Mwana wathu ameneyo!" Kenako wezulo inalira, ndowa inabwera. Mlembi wa komiti anatulutsa m'thumba kapu yofiira yapulasitiki, n'kukaiika pamwala chapatali. Madzi ankathiramo ndi kapu ya timu ali chiimire, mkono m'mwamba, kuopa kuti makapu awiriwo angakhudzane. Bambo wa imvi zake, amene ndinamuonapo akumwera chipanda chimodzi ndi anthu osanza pamowa wamasese! Osewera onse anali atazolika, wina aliyense akuyang'ana zala zake zakumapazi, kapu yawo ikuyenda mwakachetechete ngati ya pamaliro.

Ndinapita pamwala paja, ndinamwa theka, n'kumupatsira goloboyi yotsalayo.

"Basi," anatero a Tcheya, "kapuyo tsopano ndi ya anthu awiri."

Anthu anaseka, ena mpaka kugwira nthiti. Goloboyi sanamwe. Anavula jezi, anaipinda bwinobwino, n'kundiika m'manja pamodzi ndi kapu ija.

"Achimwene, mwandinenerera bwino," anatero, "koma ine si wa m'belo."

Anakwera njinga yake, ulendo. Pagolo tinaikapo wina wotchinga kumbuyo amene mpira ankauthawa ngati njoka. Mbuzi inapita ku Bowe ikulira, a Tcheya akutukwana oyimbira. M'komiti sindinabwererenso.

Pano goloboyiyo amagwirira timu ina ya kumapiri a Ntchisi. Ndinakawaonera tsiku la msika, nditasiya belo kwa mnzanga wogulitsa nyemba. Nthawi yopuma, ndowa imodzi, kapu imodzi, iye akumwa pakati pa anzake. Ndinamusendera kochi wawo, mphunzitsi wapulayimale wamfupi, n'kumufunsa chapansipansi ngati akudziwa.

"Tikudziwa, bambo," anayankha. "Ena anang'ung'udza. Ndinawauza kuti amene sakufuna kapu ya timu abwere ndi yake, azikamwera uko."

Mawu omwewo ndikanawanena ine m'kalasi muja, mwini pakamwa, koma ndinali kalikiliki kunenerera.

Kapu yofiira ija ndimayenda nayo m'misika, ndimamwera. Chilimwe chathachi, dzuwa likuswa mtengo pa Dowa Boma, a Tcheya anafika pamalo anga kudzafuna jekete ya ku ukwati, thukuta kamukamu.

"Iwe, tipatseko madzi."

Ndinawatungira m'kapu yomweyo. Sanaizindikire. Anagugudiza, anapempha ena, anagugudizanso, n'kunyambita milomo. Jekete ndinawagulitsa ya polowera mphepo ija, osawatsitsira. Atangokhota, ndinapempha phulusa kwa mayi wokazinga mandasi, n'kuikwecha kapuyo mkati ndi kunja.