Chidutswa cha katoni m'thumba la a Zuze

Lolemba lapitali ndinalowa m'sitolo ina yaikulu pa boma pano, zija zodzitengera wekha katundu pashelefu, kukafuna masamba a tiyi. Pamene pamakhala mkaka ndinapezapo bambo wina ataima, manja ali bii ndi makala. Anagwira chidutswa cha katoni, chofewa chifukwa chokhalitsa m'thumba la malaya, ndipo ankachiyandikiza pa katoni iliyonse, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko.

Inu mukuchidziwa chizolowezichi. Kwathu kuno tikamapita kusitolo sitinyamula dzina la chinthu, timanyamula chotengera chake chakale. Mbewu, mankhwala a mbuzi, mafuta odzola, zonse timagula pofananitsa. Inenso ndimatuma ana motero.

"Amayi, pepani, tandionereni," anatero bamboyo. "Awiriwa akufanana. Wanga ndi uti?"

Makatoni awiri anali atagundana pashelefupo, msinkhu umodzi, onse a buluu ndi zoyera. Ina inali ya mkaka wa makanda, zolemba zokhazokha. Inayo inali ndi chithunzi cha kapu, zoyera mbee zikutsanulidwamo. Koma umenewo si mkaka. Ndi ufa uja woyeretsa tiyi, wa mafuta ndi zotsekemera.

"Wanu ndi wa kapuwu," ndinatero. "Mumaukonda tiyi eti, achimwene?"

"Ayi, ngwa mwana."



Anandiuza kuti dzina lawo ndi a Zuze, a kwa Nthache, ndipo amaotcha makala. Akazi awo anamwalira mwana, Madalo, asanayambe n'kukhala komwe. Maliro atatha, alamu awo anabwera pa boma kudzagula mkaka, n'kutenga katoni imene inkaoneka ngati mkaka kuposa inzake. Kuyambira pamenepo a Zuze amang'amba chivindikiro, n'kupalasa njinga ulendo wonsewo kudzafananitsa.

"Sindinaphonyepo ngakhale kamodzi," anatero monyadira.

Ndinatembenuza katoniyo. M'mbali, pansi penipeni, munali chenjezo loti ufawo usaperekedwe kwa makanda. Linalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, timalemba tating'ono moti ine, amene ndimadya za kulemba, ndinachita kutulutsa magalasi. Ndinawafotokozera. Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira malemu.

"Koma akunenepa, amayi. Mudzi wonse ukumuyamikira. Tiyeni mukamuone, ali pakhondepa ndi azakhali ake."

Tinatuluka. Azakhaliwo anamasula nsalu n'kundionetsa mwanayo mokondwa. Masaya anali otukuka, miyendo yodzaza. Koma tsitsi linali lofiirira ndi lapatalipatali, ndipo mwanayo sanalire kapena kunditsata ndi maso. Ndinadina phazi lake ndi chala. Nditachotsa, kadzenje kanatsala pomwepo.

Mayi aliyense amene anakhalapo pa benchi kusikelo amadziwa tanthauzo la kadzenje kameneko. Madalo sankanenepa. Ankatupa.

Ndinawauza kuti asabwerere kumudzi, apite kuchipatala nthawi yomweyo. A Zuze anabweza chidutswa chija m'thumba, n'kugwira njinga, azakhali ndi mwana akutsata pambuyo.

Ndinabwerera m'sitolo nditapsa mtima, n'kufunsa mtsikana wokonza mashelefu chifukwa chimene makatoni awiriwo amakhalira pamodzi.

"Abwana anati za buluu zizikhala malo amodzi, zimaoneka bwino," anayankha.

Ndimukalipire iye? Akuchita zimene anauzidwa. Ndikalipire a Zuze? Bambo amene wathyola mapiri pa njinga, chidutswa cha katoni chili pamtima, kuopa kuti angagulire mwana wake cholakwika? Ena mwa inu mwayamba kale kunena kuti vuto ndi umbuli. Imani kaye. Inu amene munapita kusukulu, ndi liti pamene munawerenga m'mbali mwa katoni musanaiponye m'basiketi? Tonsefe timagula ndi maso. Timaona mtundu, timaona chithunzi, basi tapita kukalipira.

Ndipo opanga makatoniwa amadziwa zimenezi kuposa ife. Palibe chimene chimagwera pakatoni mwangozi. Pali munthu amene anakhala pansi n'kusankha buluu ameneyo, n'kusankha kuti kapu ikhale yaikulu, chenjezo likhale laling'ono. Amadziwa kuti dzanja likafika pashelefu limatsata chithunzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Akamafuna kutigulitsa, Chichewa amachidziwa bwino. Pa wailesi amatiimbira m'Chichewa, pa zikwangwani amatinyengerera m'Chichewa. Ikafika nthawi yotichenjeza, Chichewa chija chawathawa. Malole amadutsa pano usana wonse, kuchokera ku Mozambique ndi kupita komweko, atadzaza makatoni olankhula zinenero za eni ake. Kodi mawu atatu okha, "Osapatsa mwana wakhanda", olembedwa kutsogolo ndi malemba akuluakulu, angagwetse kampani? Kodi mwini sitolo angaluze chiyani atachotsa ufa wa tiyi pafupi ndi chakudya cha makanda n'kukauika pamene pali shuga ndi masamba?

Nafenso chizolowezi chathu chofananitsa chili ndi msampha. Chimathandiza ngati woyamba kugula anagula cholondola. Akaphonya iyeyo, onse otsatira amaphonya mokhulupirika, ndipo amene ali wosamala kwambiri ndi amene amaphonya nthawi yaitali.

Lachinayi ndinadutsa kuchipatala kukafunsa za mwanayo. Ndinakumana ndi a Zuze pa geti akutulutsa njinga. Anati Madalo anamugoneka, akumupatsa mkaka wa kuchipatala pang'onopang'ono. Kutupa kwayamba kuphwa, ndipo tsopano akuoneka mmene alili: mafupa okhaokha. Anamwino sanawalonjeze chilichonse.

"Nanga mukumusiya bwanji pano?" ndinafunsa.

Anayang'ana pansi, n'kutulutsa chidutswa chija. Ndi pamene ndinaona kuti chinali chong'ambidwa pakati.

"Theka linalo ndinapatsa aneba," anatero. "Akazi awo mawere anauma, ali ndi mapasa. Anaona mmene Madalo akunenepera, n'kudzandipempha kuti nawonso azigula womwewu."

Anakwera njinga n'kulowera njira ya kwa Nthache, akupalasa ngati akuthamangitsidwa.

Pobwerera kunyumba ndinasuzumira m'sitolo muja. Makatoni awiri aja adakali pomwepo, ogundana, a buluu ndi zoyera, ndipo akuonekadi bwino. Ndi matumba angati a malaya, m'midzi yathuyi, amene muli chidutswa cha katoni ya kapu ija?