Chidikhodikho cha ndudu ya magetsi

Ndudu ya magetsi yoyamba kuiona ine inafika pa poloti pathu ku Area 25 m'chikwama cha neba wanga, mkulu wa ku Mangochi amene ankakwera basi kupita ku Joni kukapikula mabulangeti ndi mafoni. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000. Mkuluyu sankasuta, koma vuto langa ankalidziwa bwino, pakuti makoma a nyumba za lendi sasunga chinsinsi.

Ndinayamba kusuta ndili mnyamata, ndipo ntchito yanga inali yosankha fodya ku Kanengo. Masana ndinkamugwira m'manja, madzulo n'kumusuta. Tsono mwana wathu wamkazi, wa zaka zinayi, anali ndi mphumu. Ikamugwira, m'chifuwa munkalira ngati kamluzu, timapewa tikukwera ndi kutsika. A chipatala anatiuza kuti utsi wa fodya, ngakhale wongotsalira m'malaya, umamudzutsira matendawo. Titabwerako ulendo wachitatu, mkazi wanga sanazungulire: ndikadzasutanso, iye ndi mwana akakhala kwa amayi ake ku Njewa. Mkazi wanga sanena chinthu kawiri. Ndinalonjeza, ndipo ndinapirira masiku asanu ndi anayi. Pa masiku amenewo ndinakangana ndi kondakitala wa minibasi, ndinakangana ndi foromani, mpaka ndinatukwana nkhuku ya eni ake imene inangodutsa.

Apo ndi pamene neba uja anandiitana pa khonde pake n'kunditambasulira kabokosi. M'katimo munali chinthu chooneka ngati ndudu yeniyeni, choyera, chachikasu kumapeto, koma cholemera ngati bolopeni yachitsulo. Anati sichifuna machesi, chimatchajidwa ngati foni. Ukakoka, kunsonga kumayaka kagetsi kofiira, m'kamwa n'kutuluka nthunzi m'malo mwa utsi. Panalinso timachubu tamankhwala ake, tosinthira kena kakatha. Iye anangoona anthu akugula ku Joni kuja, n'kundikumbukira.

Mkazi wanga anachitembenuza uku ndi uku, anachinunkhiza, kenako anavomera, malinga ndizikachitira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa, kutali ndi mwana.

Ndinapita kuseriko ngati munthu wokakumana ndi bwenzi lake lakale. Ndinakoka kamodzi, bwinobwino. Ndinakoka kachiwiri, kukhosi kunachita kukanda mokoma ndithu. Pa kachitatu thupi lonse linangodzidzimuka: dikho! Ndinadikira pang'ono. Dikho! Chidikhodikho chinandigwira mwamphamvu moti mayi wina amene ankasamba m'bafamo anafunsa ngati kunja kuli bwino.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti zaka zonse zimene ndinasuta, kuyambira chingambwe chokulunga m'nyuzipepala mpaka ndudu za m'paketi, chidikhodikho sichinandipezepo. Nanga kachitsulo kopanda moto aka kanali ndi chiyani? Ine ndi munthu wosagona tulo ndi funso. Ntchito yosankha fodya imakuphunzitsa kuti tsamba lililonse lili ndi chifukwa chimene laonekera momwe likuonekera, ndiye ndinayamba kufufuza. Ndinayesa kukoka pang'onopang'ono, chinabwera pa kachisanu. Ndinayesa nditakhuta, ndinayesa ndi njala. Ndi njala chinkafulumira. Ndinayesa nditaimirira, nditanjuta, nditatsamira khoma. Tsiku lina ndinabwereketsa mnzanga wa ku ntchito kuti ndione ngati vuto ndi kachitsuloko kapena ndi ine. Iye anakoka kakhumi konse, osamva kanthu, n'kundibwezera kachubu katatsala theka. Zinandiwawa kawiri.

Aliyense anali ndi yankho lake. Ku ntchito ankati alipo amene akunditchula, ndipo popeza chinkabwera tsiku lililonse, ndiye kuti dzina langa silikuchoka pakamwa pa anthu. Wometa tsitsi amene ankanditchajira kachitsuloko magetsi akazima kwathu anati ndikumeza magetsi, tsiku lina ndidzayaka. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu, amene anagwirapo ntchito ku chipatala, ndiye ananena chomveka. Anati ndimakoka mwadyera ngati mmene ndinkakokera ndudu, mankhwala ena n'kumatsikira m'mimba limodzi ndi malovu, ndiye mimbayo imadandaula. Ndinamva, koma kukoka mwaulemu kunandikanika. Ndinayesa kumwa madzi osapumira, ndinayesa kugwira mpweya mpaka maso kutuzuka. Chinkatha chokha chikafuna, nthawi zina ndili kale pa mphasa tikudya.

M'nyumba mwathu chidikhodikhocho chinasanduka mlendo wokondedwa. Mwana ankaseka mpaka kugwa chagada. Mkazi wanga poyamba ankandipatsa madzi, kenako anasiya. Tsiku lina anandiuza kuti akamva dikho kuchokera kuseri kwa nyumba mtima wake umakhala pansi, chifukwa amadziwa chimene ndikukoka. Miyezi iwiri inatha mwana osapita ku chipatala. Ndinali wonyada, ndipo ndinkayenda ngati ndasiya fodya ndi mphamvu zanga.

Kenako timachubu tija tinatha. Neba wanga pasipoti yake inali itatha, ndipo ulendo wa ku Joni unaima kaye. Ndinazungulira masitolo a m'tauni ndi kachubu kopanda kanthu m'manja, ogulitsa n'kumapatsirana kuti aone, wina mpaka anafunsa ngati ndi ka wailesi. Ndinabwerera kunyumba n'kuyamba ukatswiri wanga. Ndinadonthezeramo madzi, sipanatuluke kanthu. Ndinaviika tsamba la fodya m'kapu n'kuthiramo msuzi wake, ndipo zimene zinalowa m'kamwa mwanga sindizifunira ngakhale mdani. Chinangotsala ndi kagetsi kofiira kaja, kakuyakabe mokhulupirika ndikakoka mpweya wopanda kanthu.

Ndinkayenera kumuuza mkazi wanga tsiku lomwelo. Sindinatero. Lachitatu lake, poweruka, ndinaima pa okala ina pafupi ndi siteji n'kugula ndudu imodzi. Ndinadziuza kuti ndi imodzi yokha, yongondiolotsa mpaka neba apite ku Joni. Sabata isanathe zinali zitatu pa tsiku. Ndinkasamba m'manja pa mpopi wa ku ntchito, n'kumatafuna khoko la ndimu mu minibasi. Ndinkadaliranso kuti munthu wa ku Kanengo amanunkha fodya kale, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti fungo la tsamba ndi fungo la utsi n'zosiyana.

Chinatsala ndi chidikhodikho. Chikanasowa, mkazi wanga akanafunsa. Choncho madzulo alionse ndinkatenga kachitsulo kanga kopanda kanthu, kupita kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuchita dikho wopanga ndekha. Ndikuvomera kuti ndinachiphunzira mwakhama. Ndinkayeserera m'njira pochokera ku siteji, kumvetsera ngati chikuchokera m'mimba kapena pakhosi, kuonetsetsa kuti mapewa akudumpha nawo. Ndinazindikira kuti chenicheni sichibwera motsatana bwino, china chimachedwa, china chimafulumira, ndiye ndinkasiya mipata yosiyanasiyana. Manyazi ndinali nawo, koma pansi pa manyaziwo panalinso kakunyada kakuti ndikuchitha.

Zinayenda choncho masabata atatu. Lamulungu lina masana, titabwera ku tchalitchi, tinakhala pa khonde. Mkazi wanga ankaluka mwana tsitsi, mwanayo atakhala pakati pa miyendo yake, akulira pang'onopang'ono chifukwa cha kuwawa kwa chipeso. Ine ndinkafuna kumutonthoza. Ndinamuimbira, sizinathandize. Ndiye iye mwini, misozi ili m'masaya, anati, "Adadi, chitani chija."

Sindinaganize n'komwe. Dikho. Mwana anaseka. Anati chinanso, ndinachita. Anati chachikulu, ndinachita chachikulu, mapewa ndi mutu womwe. Ndili pakati pa chachinayi ndinaona kuti manja a mkazi wanga aima m'tsitsi muja. Kachitsulo kaja kanali m'nyumba, m'thumba la jekete, ndipo tsiku limenelo ndinali ndisanakagwire.

Anamaliza mzere umene ankaluka, osafulumira. Anauza mwana kuti akaonetse tsitsi kwa mayi a pa neba. Mwana atapita, anachotsa tsitsi lotsalira m'chipeso, n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Ndiye masiku ano, abambo, chimabwera mukachiitana?"

Ndinayesa kuseka, ndinati ndimangosewera ndi mwana. Iye anati akudziwa kuti ndimasewera, funso lake ndi lakuti masewerawo anayamba liti. Anati panali patapita masiku akumva kuti chasintha, koma ankadzikaniza yekha. Chakale chija chinkandidula mawu pakati, chinkandipeza ndi madzi m'kamwa. Cha masiku ano chinali chaulemu, chinkadikira ndimalize kuyankhula.

Ndinaulula zonse, za timachubu, za pa okala, za khoko la ndimu. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. M'malo mwake anandiuza chimene ine sindinkachidziwa, chifukwa ndinkalawirira ku ntchito. M'mawa wa masiku anayi, sabata imeneyo ndi yapitayo, mwana anadzuka kamluzu kaja kakulira m'chifuwa.

"Ndinasiya kulowetsa mbaula m'nyumba," anatero. "Ndinasiya kusesa iye ali pafupi. Bulangeti lake ndachapa kawiri. Ndimaganiza kuti ndine ndikumudwalitsa."

Madzulo alionse a masabata atatuwo, ndikachoka kuseri kuja, ndinkamunyamula mwanayo n'kumugoneka pa chifuwa panga, pa malaya omwewo.

Mkazi wanga ndi mwana ananyamuka m'mawa mwake. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa siteji, ndipo mwana ankasangalala kuti akukaona mbuzi za agogo ake. Anakhala ku Njewa miyezi inayi. Neba wanga atapitanso ku Joni anandifunsa ngati andibweretsere timachubu tina, ndinati ayi, zikomo. Fodya ndinamusiyira m'nyumba yopanda anthu, popanda kachitsulo, popanda wondimvetsera kuseri kwa khoma, ndipo zinali zowawa kuposa mmene ndingafotokozere.

Loweruka lililonse ndinkapita kukawaona. Ndikafika, mkazi wanga ankandilonjera bwinobwino pamaso pa amayi ake, kenako ankanditengera pambali n'kugwira dzanja langa lamanja, kulinunkhiza pakati pa zala. Akatero m'pamene ankaitana mwana. Anabwerera mvula itayamba, ndipo tili limodzi mpaka lero. Mwana uja anakula, mphumu inachepa, ndipo nkhaniyi saikumbukira. Koma amayi ake, ndikawauza chinthu, ngakhale chaching'ono ngati chakuti ndachedwa chifukwa minibasi inafa panjira, amayamba andiyang'ana kanthawi asanavomere. Kale sankatero.