Fupa Lomwe Linakana Moto

Amene anatsegula sutikesi anali azakhali, mlongo wawo wa bambo. Tinali titangobwera kumanda kokaika bambo, m'nyumba mwathu ku Kabwata anthu ali pha mpaka pakhonde, ndipo inali nthawi yogawa zovala za malemu. Pansi pa majekete anapeza chinthu cholemera chokulungidwa m'chitenje cha amayi. Atachimasula anakuwa mpaka a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda.

"Bwelani muone chamene chapaya mlongo wanga!"

Linali fupa, kukula kwake ngati buledi awiri ophatikiza, lolemera kwambiri, lokhala ndi maenje m'mbali. Ine ndinkalidziwa bwino. Bambo anali dalaivala wa malole, ndipo analitola m'chigwembe china kumpoto kwa Malawi tsiku lomwe lole inawafera panjira. Lamlungu tikadya ankalitulutsa n'kumatiuza kuti mwini fupali ayenera kuti ankaposa lole yawo. Amayi anangowapatsa chitenje chakale kuti lisamadetse malaya. Mlandu wonse wa amayi unali chitenjecho.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinali kamtsikana ka fomu 1, ndipo azakhali anandidula: "Iwe, chongo! Khala chete! Mwana wa mfiti angakambe chani?"

Anaitanitsa abusa a kutchalitchi kwawo. Panja anasonkha makala, nathira palafini, fupa n'kuliponya pamoto anthu akuimba. Makala anatha, anawonjezera ena. Fupa linangoda, osapsa. Azakhali anazungulira bwalo lonse manja ali m'mwamba. "Mwaona? Fupa lanji losapsa?" Anatchula amayi kuti mfiti katatu, mokweza, amayi ali pamphasa atavala zakuda. Palibe anawafunsa kanthu.

Amayi a chigwirizano, anzawo oimba nawo kutchalitchi kwathu, anatola mapoto awo mmodzimmodzi n'kumapita osatsanzika. Sabata yotsatira amayi anachapa yunifolomu yawo, anaisita, naipinda m'sutikesi momwe munali fupa muja. Kuyambira pamenepo ankapemphera m'chipinda chitseko chili chotseka. Pamsika anthu ankakoka ana awo amayi akamadutsa.

Fupalo ndinalifukula paphulusa m'mawa mwake, ndipo ndinalumbira ndili chogwada pomwepo kuti azakhali adzameza mawu awo pamaso pa anthu. Sindibisa, ndinkawada. Ndinkawada akamabwera ndi galimoto kuchokera ku Kabulonga, fungo la mafuta onunkhira lili patsogolo, n'kukana ngakhale madzi akumwa a m'nyumba mwathu. Amayi ankati ndizisiye m'manja mwa Mulungu. Ine ndinkati Mulungu ali ndi zambiri zochita, iyi ndimuthandiza.

Ndinakula, ndinakhala mphunzitsi ku Chelstone. Chaka china kusukulu kwathu kunabwera mayi wina wophunzitsa za miyala ndi mafupa akale kudzalankhula ndi ana. Atatha ndinamupempha kuti abwerenso mawa lake, ndipo ndinakwera minibasi fupa lili pamiyendo, kondakitala akundinena kuti ndanyamula injini.

Mayiyo analitembenuza pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Anati fupali linakhala m'nthaka kalekale, anthu asanakhaleko, mpaka linasanduka mwala. "Mwala ungapse ndi makala?" anandifunsa. Kenako analowetsa chala m'maenje aja, omwe azakhali ankati ndi mosungira mankhwala. Anati munkakhala timatumba ta mpweya topepukitsa khosi, chifukwa ili linali fupa la m'khosi la chinyama chakalekale, dayinoso wodya masamba, wa khosi lalitali kuposa minibasi yomwe ndinakwera, wa gulu lotchedwa sauropodi.

Ndinamuumiriza kuti anene dzina lenileni la chinyamacho. Anakana. "Gulu lake ndanena, koma mtundu weniweni ayi. Fupa ndi limodzi, lobenthuka, ndipo moto unawononga mbali yomwe ndikanayerekeza ndi mafupa ena. Kutchula dzina ndi fupa limodzi kungakhale kunama."

Ndinaseka mpaka misozi, iye n'kudabwa. Munthu wophunzira chonchi akuopa kunamizira chinyama chakufa, pomwe azakhali ndi fupa lomwelo anawapatsa amayi dzina osaphethira n'komwe! Ndinamupempha kuti alembe papepala zonse ananenazo.

Mlandu suola. Ndinadikira mpaka tsiku lovundukula chiliza cha bambo, pamene abale onse anasonkhana kudya masana kwa abambo aang'ono ku Woodlands. Ambiri mwa amene anaimba pamoto paja analipo, imvi zili mbuu. Amayi anakhala kumapeto, pafupi ndi khomo la kukhitchini, mbale yawo payokha monga mwa masiku onse.

Ndinatenga beseni lovundikira, ndinagwada bwinobwino pamaso pa azakhali mwaulemu wonse umene anandiphunzitsa, n'kunena kuti, "Ba anti, ndiwo zanu izi. Munaziphika kalekale koma simunadye."

Atavundukula anadzidzimuka, supuni n'kugwa. Ndinaimirira n'kuwerenga pepala lija mokweza, liwu ndi liwu, osathamanga. Pofika pa timatumba ta mpweya ndinabwereza kawiri. Mdzukulu wawo wa ku yunivesite anafufuza pafoni, naonetsa anthu chithunzi cha chinyama cha khosi lalitali, foni n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Wina anaseka, kenako anadzigwira pakamwa.

"Munanena katatu, ba anti," ndinatero. "Anthu ake ndi omwewa. Bwezani mawu anu katatu."

Azakhali anayang'ana abale awo, koma aliyense anali kalikiliki ndi mbale yake. Mtima wanga unkavina, sindinama. Potsiriza azakhali anati, motsitsa, "Nanga ife tikanadziwa bwanji?"

Ndinali nditakonzeka kuwayankha, koma amayi ananditsogolera. Zaka zonsezo anali asanatchulepo nkhaniyi ngakhale kamodzi.

"Mukanandifunsa, alamu. Ndinali pomwepo, pamphasa."

Anadzuka, anavula chitenje cha pamwamba, anakulunga fupa lija, ndipo tinatuluka chakudya chili chosatha. Azakhali sanabweze ngakhale kamodzi.

Loweruka lotsatira ndinawapeza amayi atatsegula sutikesi, akufuna kusita yunifolomu kuti avale mawa lake. Ataitambasula, bulauzi inali maenje okhaokha, njenjete zitadya mpaka kolala. Kenako anandifunsa ngati telala wa pamsika uja akadali moyo, ndi ngati angavomere kuwayeza. Anthu amandiuza kuti ndikhululuke poti azakhali akalamba. Akabweze kaye katatu.